Kuwasankhira achemwali pogona ku Joni

Ife ogwira ntchito m'maloji a ku Senga Bay timaona tsiku ndi tsiku momwe anthu a m'tauni amasankhira pogona. Amaimba foni pakati pa sabata n'kufunsa zinthu ziwiri basi: mtengo, komanso ngati chipindacho chayang'ana kunyanja. Palibe amene amafunsa ngati pampu ya madzi ili ndi inzake yodikirira ikafa, kapena ngati Loweruka limenelo pakapinga pali ukwati wa zimkuzamawu mpaka mbandakucha. Lachisanu madzulo, atatha makilomita oposa 100 a msewu wa M14 kuchokera ku Lilongwe, nyanja ija amaipezadi pazenera. Koma Lamulungu akamabweza kiyi, zimene amayamikira kapena kudandaula si za nyanja ayi. Amakamba za madzi otentha, za pilo, za phokoso, ndi za nkhope ya mtsikana amene anawabweretsera tiyi m'mawa.

Ntchitoyi ndinayambira kochapa mabedishiti, ndinadzera kudayining'i, pano ndimayang'anira zipinda pamodzi ndi anyamata ndi atsikana ozikonza. N'chifukwa chake mwana wa achemwali anga, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, atafuna kutumiza makolo ake ku Johannesburg anathamangira kwa ine.

"Amalume, ukwati wa ababa ndi amayi wakwanitsa zaka 35. Ababa ali ndi tsiku loonana ndi dokotala wa maso kumeneko mu Julayi, ndiye ndati apitire limodzi akapumeko. Koma asakagone kwa achibale pabalaza ayi. Amayi akukana chihotela cha zipinda mazanamazana, akuti angamasochere m'makhonde. Akufuna kakang'ono koma kabwino kwenikweni. Tithandizeni, inu mumazidziwa izi."

Ndinavomera, ngakhale kulandira alendo pamchenga ndi kusankha hotela pakati pa mzinda wa anthu mamiliyoni n'zosiyana. Chomwe sichisiyana ndi kuseri: kukhitchini, kochapira, ndi pomwe pamakhala jenereta. Kumeneko mahotela onse amanunkha mofanana.

Mahotela amene mwanayo amanena, aang'ono koma odula, aja amati boutique, si akalekale. Ku London mayi wina, Anouska Hempel, anatsegula Blakes mu 1978. Ku San Francisco Bill Kimpton anayamba zake mu 1981, ndipo mu 1984 Ian Schrager ndi Steve Rubell, omwe poyamba anali ndi malo ovinira otchuka a Studio 54, anatsegula Morgans ku New York. Onsewa ankathawa chinthu chimodzi: mahotela akuluakulu a makampani, omwe chipinda cha mzinda uno ndi cha mzinda winawo n'chimodzimodzi mpaka chithunzi chapakhoma. Iwo ankafuna nyumba yooneka kuti ili ndi mwini wake, yokongoletsedwa mwa njira yakeyake, yomwe wantchito amakudziwa dzina pofika tsiku lachiwiri. Zinawayendera, ndipo malonda akayenda akuluakulu aja sagona tulo. Mu 2015 kampani ya IHG, eni ake a Holiday Inn, inagula Kimpton pa madola 430 miliyoni. Marriott ili ndi gulu lake la Autograph Collection, Hilton ili ndi Curio. Ndiye masiku ano ukaona kahotela kakudzitcha kapadera, mpofunika kufufuza ngati kalidi ndi mwini woti ungamupeze pakhomo, kapena ndi nthambi ya chikampani yomwe yangosintha penti. Sindikunena kuti za makampanizo n'zoipa. Nthawi zina ndi zomwe zimakhala ndi jenereta yodalirika. Koma dzina loti kapaderalo umalilipira, ndiye uzidziwa chimene ukugula.

Ndinamuuza mwanayo kuti atseke kaye zithunzi, atsegule mapu. Kuno kuchokera pa Kamuzu Road kukafika ku Senga Bay ndi makilomita ngati 20, ndipo pakati ponsepo ndi minda, migwalangwa ndi milambe. Ukatopa umaimitsa kabaza kapena kagalimoto. Ku Joni makilomita 20 ndi mzinda wokhawokha, wodulidwadulidwa ndi misewu ikuluikulu yomwe woyenda pansi sangaidutse, ndipo m'mawa ndi madzulo mtunda umenewo ungakudyere ola lathunthu. Hotela ikalemba kuti ili pafupi ndi chilichonse, imanena pafupi pa munthu wa galimoto.

Tihotela tambiri tapamwamba ta mumzindawu tinali nyumba za anthu olemera, m'madera ngati Houghton, Sandhurst, Westcliff ndi Melrose. Mipanda yake ndi italiitali, pamwamba pali waya wa magetsi, m'kati muli kapinga, mitengo ikuluikulu ndi dziwe losambiramo. Kuli zii. Wofuna kubisala n'kugona, amenewo ndiye malo ake. Koma ukatuluka pageti supeza ngakhale kogula sopo. Ndi mpanda, mpanda, mpanda mpaka kumathero kwa msewu. Chilichonse n'kuitanitsa Uber kapena Bolt, kulipira popita, kulipira pobwera. Achemwali anga ndi munthu woti m'mawa uliwonse amatsikira kugombe kukaona zomwe asodzi abwera nazo, ngakhale ndiwo zili kale m'nyumba. Kuwatsekera kuseri kwa mpanda wotere, ngakhale ukhale wa maluwa, pofika tsiku lachiwiri akanayamba kufunsa za ndege yobwerera.

Sandton ndi kwa maofesi, mabanki ndi msika wa masheya wa JSE. Nyumba zake ndi zosanjikizana, ndipo mahotela ake ambiri ndi akuluakulu omwe achemwali amawakanawo. Ku Melville ndi ku Parkhurst kuli misewu ya malo odyera yoti munthu n'kumayenda wapansi, koma chipinda choyandikira 7th Street ya ku Melville Lachisanu usiku si cha munthu wogona 8 koloko. Maboneng ndi Braamfontein n'kwa achinyamata. Okalamba awiri osadziwa mzinda sindikanawatumizako. Ambiri a kwathu kuno Joni amene amamudziwa ndi wa ku Park Station kofikira mabasi, ndiye akamva dzinali amaganiza za piringupiringu ndi kugwiritsitsa chikwama. Alipo Joni ameneyo, koma si yekhayo.

Ine mtima unakhazikika pa Rosebank ndi timisewu toizungulira. Pali siteshoni ya Gautrain, sitima yothamanga imene inayamba kuyenda mu 2010 nthawi ya mpira wa World Cup. Kuchokera pabwalo la ndege la OR Tambo imafika ku Sandton m'mphindi ngati 15, pamenepo umasintha n'kukwera ina, siteshoni yotsatira ndi Rosebank. Siyenda usiku wonse, choncho wofika mochedwa asaidalire. Pali mashopu, pogula mankhwala, malo odyera, ndipo Lamulungu pamakhala msika pamwamba pa nyumba ya mashopuyo, pomwe masiku ena amaimikapo magalimoto. Chachikulu n'chakuti masana munthu amatha kuyenda ndi miyendo yake. Ndinamuuza mwanayo kuti pa Google Maps adine kachizindikiro ka munthu woyenda pansi, osati ka galimoto, ndipo hotela iliyonse yoposa mphindi 10 kuchokera pasiteshoni tiichotse. Mndandanda wake wautali uja unafupika nthawi yomweyo.

Alamu anga nkhani ya mapuyi sinawakhudze. Iwo Joni anamumvera kwa bambo awo, amene anapita ndi Wenela kukakumba golide, Kamuzu asanaletse maulendowo mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown. Mkuluyo ankagona mukomponi pa bedi la simenti, anthu ambirimbiri chipinda chimodzi, ndipo anabwerako ndi njinga, jekete ndi chifuwa chosatha. Tili pakhonde pawo tikuyang'ana pafoni, iwo anangoti, "Alamu, abambo anga anagona pa simenti kumeneko. Ine mundipezere bedi loti ndikawafotokozere ndikadzawapeza." Tinaseka, koma ndinamva kuti nkhani ya bedi ndiigwire ndi manja awiri. Alamu ndi atali, ndipo nyumba zokonda mipando yamakedzana nthawi zina mabedi ake amakhala ofupika, choncho muyeso wa bedi unalowa m'mafunso athu.

Tsopano zithunzi. Ndakhalapo wojambula akujambula loji yathu, ndiye ndikudziwa momwe zimaphikidwira. Amafika kusanache, nyanja ili bata, mwera usanadzuke. Timamutsegulira chipinda chabwino koposa zonse, chomwe chilipo chimodzi chokha. Timachotsa fani, bini ndi chingwe cha ketulo. Neti timaimanga mfundo yokongola m'mwamba. Pabedi timaunjika mapilo ochuluka kuposa a masiku onse, patebulo mbale ya zipatso imene mlendo sadzaipeza. Iye amagwada pakona, kamera ili m'munsi ndi galasi lotambasula, kachipinda kaja n'kutanuka. Palibe bodza pamenepo, zonse ndi zathu ndithu. Kungoti tasankha choti muone.

Ndiye ine zithunzi za hotela ndimaziyang'ana pofufuza chomwe sanajambule. Makatani akakhala otseka m'chithunzi chilichonse, zeneralo layang'ana khoma kapena poimika magalimoto. Zikachuluka zithunzi za kandulo, tambula ya vinyo ndi duwa lili pa thaulo, dziwani kuti chipindacho n'chopanikiza, wojambula anasowa pobwerera m'mbuyo. Bafa likasowa, pali chifukwa. Kukula kwa chipinda mufunse m'manambala, masikweya mita angati, ndipo mufunse za chipinda chenichenicho chimene mukalowe, chifukwa m'kahotela komwe kale kanali nyumba ya munthu zipinda sizifanana. China chinali chogona bwana, china chinali mosungira katundu kuseri kwa khitchini, koma pa intaneti zonse zili ndi mayina okoma. Zithunzi zonena zoona ndi zija amajambula alendo eni ake ndi foni, zopendekeka, zamdima, sutikesi ili chitsegukire pansi.

Pali fashoni ina m'mahotela amenewa yoika bafa pakati pa chipinda moyang'anizana ndi bedi, kapena kutchinga chimbudzi ndi galasi loonekera. Kwa ongokwatirana kumene mwina n'zosangalatsa. Achemwali ataona chithunzi chotere anandibwezera foni. "Achimwene, kodi njerwa zinawathera?" Ena tinawachotsa pa chifukwa chimenechi chokha.

Chimene okonda tihotela ting'onoting'ono sakonda kunena n'chakuti kuchepako kumalumanso. Pa hotela ya zipinda 300 wophika akadwala alipo ena, giza ikafa amakusamutsira chipinda china, ndipo usiku wonse pakauntala pali munthu. Pa zipinda 12 wophika ndi mmodzi, wokonza mapaipi amachita kuitanidwa kuchokera kwina, ndipo zipinda zikadzaza palibe kokusamutsira. Ndi moyo wathu kuno umenewu: tsiku lomwe pampu yatifera alendo atadzaza, tonse mpaka wa mu ofesi timasenza ndowa kuchokera kunyanja.

Ulendo wina abwana ananditumiza ku Joni kukaona zipangizo za kukhitchini, n'kundibukitsira kahotela kena kokongola chakumpoto kwa mzinda. Ndege inachedwa, ndinafika usiku. Geti lotseka, belu osayankhidwa. Kunapezeka kuti ikakwana 8 koloko antchito onse amaweruka, ndipo nambala yotsegulira geti amaitumiza pa meseji, pomwe laini yanga ya kuno inali itasiya kugwira. Ndinaima panja ndi chikwama, mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Anandipulumutsa ndi mlonda wa nyumba yoyandikana nayo. Ndinamumva akuyankhula pafoni Chichewa cha kunyanja, ndinamupatsa moni, ndipo anali wa ku Nkhotakota cha ku Chia. Iye ndiye anaimbira mwini hotelayo pa foni yake. M'kati munali mokongoladi, sopo wake wonunkhira bwino, koma kuchokera tsiku limenelo funso langa loyamba kwa hotela iliyonse yaing'ono ndi lakuti: usiku pamagona ndani?

Funso limeneli ndi anzake tinawatumiza pa WhatsApp ndi pa imelo kwa mahotela omwe anatsala. Za magetsi ife a ku Salima sitichita kuphunzitsidwa. Ku South Africa mu 2023 Eskom inkathimitsa magetsi mosinthanasinthana pafupifupi tsiku lililonse. Mu 2024 zinachepa kwambiri, koma mawaya ndi matiransifoma a m'madera amafabe. Hotela iliyonse imayankha kuti ili ndi pothawira, koma pamenepo mpofunika kukumba. Mabatire ndi inveta amayatsa mababu, Wi-Fi ndi TV. Giza, hita ndi ketulo zimadya moto wambiri, zimafuna jenereta yeniyeni kapena gasi. Ndiye osafunsa kuti muli ndi jenereta kodi, koma kuti magetsi akathima madzi otentha amatulukabe, chipinda chimafundabe? Madzinso chimodzimodzi. Madera ena a Johannesburg amatha masiku mipopi ili youma gwa, choncho thanki kapena mjigo wawowawo si nkhani yaing'ono.

Za kufundazo ndinazikakamira chifukwa cha mwezi wake. Nyanja yathuyi ili pa mamita osakwana 500 poyeza kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe Johannesburg ali pa mamita oposa 1,700. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka m'mawa kapinga amapezeka atayera ndi chisanu. Mwera wathu timadandaula nawo uja ndi wamasewera. Nyumba zambiri zakale za kumeneko anazimanga moganizira dzuwa, mazenera akuluakulu, pansi matailosi. Munthu wobadwira ku Salima, kumene Okutobala timagona panja pamkeka, amafunika bulangete lamagetsi kapena hita yogwira ntchito, osati moto wa pachumuni wongokongoletsa chithunzi.

Tinafunsanso za masitepe, poti mawondo a achemwali anayamba kale kudandaula ndipo nyumba zoterezi kawirikawiri zilibe chikepe. Tinafunsa nthawi yotsekera khitchini, poti tina timangopereka kadzutsa basi, ndiponso ngati sabata imeneyo kuli phwando lililonse, chifukwa kahotela kokongola kamapezanso ndalama pochititsa maukwati, ndipo pabwalo laling'ono palibe kothawira ng'oma.

Kunena zoona, mayankho ndi amene anasankha hotela, osati ife. Ena anatumiza chikalata chokonzeratu chotilandira ku malo a mtendere, osayankha ngakhale funso limodzi. Ena anangokhala chete. Koma pa ina anayankha mayi wina, n'kulemba dzina lake, ndipo anatenga mafunso athu limodzilimodzi. Anati usiku pamakhala mlonda ndi wapakauntala mmodzi. Jenereta imakoka zonse kupatula makina ochapira. Chipinda chimene tinachikonda pachithunzi chili m'mwamba ndipo masitepe ake ndi opapatiza, ndiye kwa mayi a mawondo ovuta bola china chapansi, chocheperako, choyang'ana kudimba. Anawonjezera kuti chapansi chinzakecho tisatenge chifukwa chagundana ndi khitchini, mapoto amayamba kulira 6 koloko. Munthu wokuuza yekha choipa cha chipinda chake asanalandire ndalama, ine ndinaona kuti ndingamusiyire mlongo wanga.

Ndemanga za alendo pa Booking.com, Google ndi TripAdvisor tinaziwerenganso, koma mwa njira yanga. Za nyenyezi zisanu zambiri amalemba anthu tchuthi chikadali m'mutu. Za nyenyezi imodzi amalemba munthu wokwiya, nthawi zina chifukwa choti kunagwa mvula. Zothandiza ndi zapakatikati, za miyezi yaposachedwa, ndipo dandaulo likabwerezedwa ndi anthu angapo osadziwana, limenelo ndi loona. Muonenso momwe mwini hotela amayankhira akadzudzulidwa, chifukwa wokalipira mlendo pagulu adzakukalipiraninso inu. Koma chimene ndimadalira kwambiri ndi mayina a antchito. Mukaona mlendo wa chaka china akuyamikira woperekera zakudya wakutiwakuti, wina patapita zaka ziwiri n'kutchulanso dzina lomwelo, dziwani kuti pamenepo antchito amakhalitsa. Wantchito amakhalitsa pomwe amalipidwa pa nthawi yake ndiponso sanyozedwa. Pa hotela yaing'ono chimene mukugula kwenikweni ndi anthu amenewa, poti mipando yokongola aliyense wa ndalama angagule. Kuno ndaona maloji omangidwa mwapamwamba akusintha antchito mwezi ndi mwezi. Wobwera kumene sadziwa kuti mpopi wa chipinda chakuti umachedwa kutentha, kapena kuti chitseko chakuti chimafuna kuchikweza pang'ono pokhoma. Mlendo amazimva tsiku loyamba lomwe, ngakhale sangathe kuloza chimene chavuta.

Nyenyezi zapachikwangwani musazikhulupirire mopitirira. Ku South Africa amazipereka ndi a Tourism Grading Council, ndipo kulembetsa n'kodzifunira. Amayeza malo aliwonse m'gulu lake, motero nyenyezi zisanu za nyumba ya alendo sizilonjeza zofanana ndi zisanu za hotela.

Nkhani ya ndalama ndiye inamutopetsa mwanayo kuposa zonse. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja n'zosowa monga tonse tikudziwira, ndipo khadi la kubanki ya kuno lili ndi malire a zomwe lingalipire kunja. Ndinamuuza apite kubanki nthawi ikadalipo, matikiti ndi kalata ya hotela zili m'manja. Mahotela ambiri mlendo akafika amatsekeranso kandalama kena pakhadi ngati chikole, kamene kamamasuka patapita masiku. Kwa munthu wa khadi lopanikizika kale, kameneko kangamulepheretse kulipira chakudya. Tinapempha kuti chikolecho akapereke marandi apamanja, ndipo anavomera. Tinabukitsanso mwachindunji osadzera pa masamba a intaneti aja. Masambawo amadula hotela gawo lawo pa chipinda chilichonse, kawirikawiri cha m'ma 15 peresenti. Ifenso kuno amatidula. Choncho kahotela kakang'ono mukakafikira nokha kamatha kukutsitsirani, kapena kukuwonjezerani kadzutsa ndi galimoto yokakutengani ku eyapoti. Chongofunika n'kukhala ndi zonse zolembedwa: mtengo wonse pamodzi ndi VAT, yomwe kumeneko ndi 15 peresenti, tsiku lomaliza losinthira osataya dipoziti, ndi dzina la chipinda. Alamu ndinawakumbutsa kuti kumeneko woperekera zakudya amayembekezera kangachepe ka 10 peresenti pamwamba pa bilu, asakaoneke aumbombo, komanso kuti masoketi ake ndi a mabowo obulungira, osati athu amakonawa, ndiye agule adaputa.

Panatsala mkangano umodzi. Alamu, poti ankaphunzitsa mbiri yakale asanapume, anali atamva kuti nyumba ya ku Houghton imene Nelson Mandela anakhalamo m'zaka za m'ma 1990 anaisandutsa hotela. N'zoona: imatchedwa Sanctuary Mandela, inatsegulidwa mu 2021, ili ndi zipinda 9 zokha. Ku Sandhurst kulinso hotela ya Saxon, yomwe inali nyumba ya mkulu wa bizinesi Douw Steyn, komwe Mandela anakhalako miyezi ingapo atatuluka m'ndende mu 1990. Alamu maso anali pamenepo. Ine sindinatsutse kuti ndi malo apamwamba. Ndinangowaonetsa mapu ndi mtengo, n'kuwafunsa ngati akufuna usiku umodzi m'nyumba ya Mandela kapena masiku onse aja pamalo poti achemwali angatuluke okha kukagula mandimu. Mbiri munthu ukhoza kukaiona masana n'kubwerako: nyumba ya Mandela ya mu Vilakazi Street ku Soweto alendo amalowamo, Apartheid Museum ilipo, Constitution Hill ilipo. Anang'ung'udza, koma achemwali anali atagamula kale.

Anapita, anabwerako, ndipo ndinakawaona atangofika. Achemwali anayamba ndi tiyi. Akuti m'mawa woyamba anapempha madzi owira kwambiri ndi mkaka wotentha padera, ndipo masiku otsatirawo sanabwerezenso, mtsikanayo ankangobweretsa. Tsiku lina atatopa ndi buledi ndi masamba osaphika anafunsa za nsima. Wophika anatuluka yekha kukhitchini kudzawamvetsera, n'kukawaphikira pap, nsima ya kumeneko, yomwe sinali pa menyu. Akuti inali yolimba bwino koma ufa wake wopanda fungo, ndipo nsomba inabwera yopanda mutu, zomwe kwa munthu wa ku Senga Bay ndi mlandu. Magetsi anathimadi usiku wina, iwo anadziwa m'mawa atachita kuuzidwa. Ku mashopu ankapita okha wapansi, ndipo pamsika wa Lamulungu anapeza wogulitsa ziboliboli wa ku Nkhata Bay amene anacheza naye mpaka alamu kukakhala pa benchi.

Alamu bedi analiyamikira, akuti miyendo inakwana. Madandaulo awo ndi awiri. Loyamba ndi mbalame zija amati hadeda, zomwe zimakuwa m'mitengo kusanache ngati zaona njoka. Za zimenezo palibe anawachenjeza, ngakhale mayi wa mayankho uja. Lachiwiri n'lakuti tsiku la dokotala anadutsa ku Sandton n'kuona zinyumba zagalasi zitalizitali, ndiye akuti munthu sungachoke ku Salima, kukwera ndege maola awiri ndi kanthu, n'kukagonanso m'chipinda chapansi choyang'ana kudimba. Akuti ulendo wina akufuna nsanjika ya 20, chikepe, ndi mzinda wonse uli kunsi kwa mapazi awo. Achemwali, ali kusenda mbatata, anawayankha kuti akapite okha.